Sabata imodzi tikubira mu Nyanja Yofiira

Loweruka, padoko la Hurghada, ku Egypt

Tafika, ndipo chikwama cha zida chafikanso, chomwe ndicho chinkandisowetsa tulo. Regulator (chida chopumira pansi pa madzi), kompyuta ya pamkono ndi magalasi ndinazinyamula m'manja ngati kale lonse. Zina zonse munthu ukhoza kubwereka, koma magalasi okukhala bwino pankhope sabwerekeka. Usiku uno tigona m'boti momwemu lili padoko, mawa m'bandakucha tinyamuka kulowera kumpoto. Nsapato atilanda polowera pomwe, akuti tidzaonana nazo Lachisanu.

Madzulo wotitsogolera anatiitana mmodzimmodzi. Inu a gulu lathu la obira amene mukuponya ndalama za ulendo wa chaka chamawa, tcherani khutu apa. Anafuna kuona khadi la maphunziro obira, buku lolembamo maulendo a pansi pa madzi, pepala la zaumoyo ndi inshuwalansi ya obira. Khadi la Open Water malire ake ndi mamita 18, pamene zambiri zimene tadzera kuno zili kunsi kwa pamenepo. Amene simunachite Advanced, yomwe imakufikitsani pa mamita 30, chitani musananyamuke. Khadi la nitrox (mpweya wa okosijeni wochulukirapo ndi nayitrojeni wocheperapo) nalonso musalisiye, poti tizibira katatu kapena kanayi pa tsiku.

Wobira naye wanga sabata yonseyi ndi achikulire athu aja, amene anaphunzitsa theka la gulu lathu kuchotsa madzi m'magalasi. Atamva kuti atiphatikiza anangoti, "Mphwanga, ine sindithamanga." Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Lamulungu, Sha'ab El Erg

Kubira koyamba n'koyesa zida ndi kulemera, ndipo lero ndadya manyazi.

Nyanja Yofiira ndi ya mchere wadzaoneni. Lita imodzi ya madzi ake imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 40, pamene nyanja zikuluzikulu zimakhala ndi magalamu 35. Palibe mtsinje waukulu wothira m'menemu, mvula n'njosowa, dzuwa limangomwa madzi n'kusiya mchere. Madzi otere amamukankhira munthu m'mwamba. Zimenezi ndinkazidziwa, ndiye mwa mantha ndinapempha mtovu wa makilogalamu 10. Wotitsogolera anayang'ana ine, anayang'ana wetsuit (chovala chobirira) yanga yopyapyala ya mamilimita 3, n'kundipatsa osatsutsa.

Ndinatsika ngati nkhwangwa. Kuti ndisagunde mchenga ndinapopera mpweya m'jekete, ndipo jekete lodzaza mpweya silimva kulamulidwa: ukakwera pang'ono mpweya uja umafufuma n'kukukokera m'mwamba, ukautulutsa umagwa. Mphindi zonse ndinali wokwera, wotsika, miyendo ikupalasa, manja akupalasa, kupuma kuli wefuwefu. Pa mphindi 35 geji ya mpweya wa m'silinda inali itafika kale pa 50 bar, yomwe ndi nthawi yobwerera. Ndinawaonetsa achikulire chibakera, chizindikiro choti mpweya watsala pang'ono, iwo anandionetsa geji yawo: 130. Tinalowa tonse ndi 200, m'masilinda ofanana a malita 12.

Titakwera m'boti anavula magalasi, n'kupukuta kumaso pang'onopang'ono.

"Mphwanga, mwabwera kudzabira kapena kudzapalasa njinga?"

"Ndi mcherewu, achikulire."

"Mcherewu ndili nawonso ine. Chotsani makilogalamu 4."

Ndinachotsa, ndipo tinayesa monga amaphunzitsira tsiku loyamba la sukulu: jekete lopanda mpweya, kupuma kwa masiku onse, madzi azifika m'maso. Kachiwiri ndinatha mphindi 50. Si zodzitama nazo, koma msana unasiya kuwawa.

Malo ano amatchuka ndi madolifini, ndipo anabweradi atatu kumapeto kwa kubira kwachitatu. Anatizungulira kawiri n'kupita. Gulu lina linawathamangira ndi makamera mpaka kutha mpweya. Achikulire anangogwira mkono wanga kuti ndikhale phee, ndipo pobwerera madolifini aja anadutsa pafupi ndi ife, osati iwo.

Lolemba, Abu Nuhas

Walira mvula walira matope. Tinkafuna sitima zomira, ndipo njira yopitira kumene zili ndi ya mafunde. Mphepo ya kuno imaomba kuchokera kumpoto pafupifupi chaka chonse, ndiye boti linkaidula pamaso. Anthu anayi sanadzuke. Mankhwala a nseru amwedwe usiku munthu asanagone, osati mimba itayamba kale kutembenuka.

Abu Nuhas ndi thanthwe la makorali lokhala m'mphepete mwenimweni mwa njira ya sitima zochokera ku Suez. Pamwamba pake pamangofika pa nkhope ya madzi, ndiye nyanja ikakhala bata silioneka. Kumbali yake ya kumpoto kwagona sitima zinayi motsatana, ndipo obira amazitchula ndi katundu wake: Giannis D ya matabwa inamira mu 1983, Chrisoula K ya matailosi mu 1981, Kimon M ya mphodza mu 1978, ndi gogo wawo Carnatic, ya vinyo, mu 1869.

Tinayamba ndi Giannis D. Mbali yake ya kumbuyo ili yonse, koma inapendekeka kwambiri. Ukalowa m'chipinda cha injini maso amakuuza kuti pansi ndi uku, thovu lako likukwera kulowera kwina, mutu n'kuyamba kuzungulira. Wotitsogolera anatichenjeza kale kuti tikhulupirire thovu, poti ilo silinama. Ndinatsata thovu. Chilembo D chikadali pa chumuni.

Koma imene yandikhala mumtima ndi Carnatic. Inagunda thanthweli mu Sepitembala 1869, kutatsala miyezi iwiri kuti ngalande ya Suez itsegulidwe. Sinamire nthawi yomweyo. Kaputeni anaona kuti sitima ilimba, anasunga anthu momwemo kudikira sitima ina, ndipo anagonamo mpaka inathyoka pakati. Anthu 31 anafa, otsala anathawira pa chilumba cha Shadwan, chomwe tikuchiona apa ndikulemba. Matabwa onse anaola kalekale, kwatsala nthiti zachitsulo zokhazokha zovala makorali ofewa, kuwala kukulowa pakati pake. Mkati muli tinsomba toonekera mkati ngati galasi, miyandamiyanda, timene timatseguka munthu akamadutsa n'kutsekanso kumbuyo kwake. Sindinapalase mwendo kwa mphindi zingapo. Nditayang'ana geji ndinadabwa kuti muvi sunasunthe kwenikweni.

Lachiwiri, Ras Mohammed

Taoloka kupita ku nsonga ya Sinai. Ras Mohammed ndi malo otetezedwa oyamba a dziko la Egypt, kuyambira 1983, ndipo zipatso zake zikuoneka: nsomba za kuno sizidziwa mbedza.

Ku Shark Reef sulowa modekha. Kaboti kamphira kamakufikitsa pamalo, woyendetsa amawerenga mpaka katatu, nonse n'kugwa chagada jekete lili lopanda mpweya, kenako mutu pansi msangamsanga madzi asanakukokereni kutali ndi thanthwe. Ukatsegula maso bwinobwino, kudzanja lina kuli khoma, kunsi kwa mapazi kulibe kanthu. Khomalo limatsika mamita mazanamazana. Madzi ake ndi oyera moti munthu sudziwa kuti ukutsika. Tinali ndi nitrox ya okosijeni 32 pa 100 alionse, yomwe malire ake ndi pafupifupi mamita 34, kupitirira apo okosijeni yemweyo amasanduka poizoni. Ndinaika kompyuta kuti ilire pa 28, ndipo inalira kamodzi ndili kuyang'anitsitsa gulu la barracuda. Ndinkalumbira kuti ndili pa 20.

Chinthu chimodzi ndaphunzira kwa achikulire lero osalankhula. Tinsomba tofiirira tija todzaza pakhoma, anthias, timayang'ana komwe madzi akuchokera, poti chakudya chawo chimabwera ndi madziwo. Ukationa tonse tapenya mbali imodzi tikuvutika kuima, dziwa kuti pakona pali nkhondo, yandikira khoma. Iwo amawerenga tinsombato ngati nyuzipepala, ine ndinkangoti n'tokongoletsa zithunzi.

Ulendo umathera pa Yolanda, pamene sitima ya dzina limeneli inagunda mu 1980 itanyamula zipangizo za m'bafa. Sitimayo inatsetserekera kozama patapita zaka zingapo, n'kusiya katundu wake pamchenga: mipando ya chimbudzi chamadzi milumilu, mabafa, mapaipi. Aliyense amafuna chithunzi atakhalapo. Ine ndinakana, ulemu ndi wofunika ngakhale pansi pa nyanja. Achikulire anakhalapo.

Potuluka ndinakola chingwe cha chibaluni changa chodziwitsa boti pa chomangira cha jekete, ndipo chikanandikweza ngati roketi akanapanda kuchimasula msanga. Tikabwerako tiyenera kupatula tsiku limodzi loti gulu lonse liyeserere kuponya chibalunichi. Ambiri a ife tili nacho, ochepa tinachiponyapo madzi akukoka.

Usiku tinabira pamalo osaya, otetezeka ku mphepo. Nsomba za lionfish zinazolowera obira, zimatsata kuwala kwa tochi n'kumameza tinsomba tothobwa m'maso, moti umadzimva ngati wogwirizana ndi chigawenga. Minga yake ndi ya ululu, ndiye miyendo isamaponyedwe chisawawa. Kumapeto achikulire anaima pa mwala umodzi nthawi yaitali mpaka ndinayamba kutopa. Kenako chimene ndinkati ndi nsanza yofiira chinasuntha: Spanish dancer, nkhono ya m'nyanja yopanda chigoba, yaitali ngati phazi la munthu wamkulu. Inanyamuka n'kuyamba kusambira ikupinda m'mphepete mwake ngati siketi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinkadziwa kuti ankanenanso za nkhono iyi.

Lachitatu, Thistlegorm

Sitima yomira iyi ndiyo tinadzera.

Tinafika kusanache kuti tipeze malo, poti masana maboti amaunjikana pano. Wotitsogolera anatsika yekha kukamanga zingwe, ndipo atabwerako anatiuza mosabisa kuti madzi akukoka: kutsika n'kogwira chingwe, kukwera n'kogwira chingwe, amene achitaya akatoledwa kutali.

Mbiri yake, kwa amene simukuidziwa. Thistlegorm inali sitima ya katundu ya ku Britain, yopangidwa ku Sunderland mu 1940, yotalika mamita oposa 120. Mu Juni 1941 inanyamuka ku Glasgow ndi zida za asilikali a Britain amene ankamenya nkhondo kumpoto kwa Africa. Nyanja ya Mediterranean inali yoopsa, ndiye inazungulira Africa yense kudzera ku Cape Town kuti ikafike ku Alexandria cha kumbuyo. Itafika kuno inauzidwa kuti iponye nangula idikire, chifukwa njira ya ku Suez inali itatsekeka. Usiku wa pa 6 Okutobala 1941 ndege za Germany za mtundu wa Heinkel He 111, zochokera ku Crete, zinkasaka sitima yaikulu yonyamula asilikali. Sizinaipeze. Pobwerera zinapeza iyi ili chiimire. Mabomba anagwera m'chipinda cha katundu cha nambala 4, momwe munali zipolopolo, ndipo kuphulikako kunang'amba sitima. Anthu 9 anafa. Jacques Cousteau, katswiri wobira wa ku France, anaipeza m'zaka za m'ma 1950, anatengamo belu, njinga yamoto ndi sefa ya kaputeni, kenako inaiwalikanso mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990.

Kubira koyamba kunali kwa kunja. Mchenga uli pa mamita 30 ndi pang'ono, ndipo pamenepo thupi limapanikizidwa kanayi kuposa pamtunda, kutanthauza kuti kupuma kulikonse kumadya mpweya wa m'silinda kanayi. Ndikanabwera kuno ndi kapumidwe ka Lamulungu kaja, ndikanangopereka moni n'kubwerera. Tinazungulira kumbuyo komwe kuli mfuti ziwiri zikuluzikulu, tinadutsa pamalo ophulika pamene chitsulo chinapindika ngati chikopa, pali timagalimoto tankhondo toyenda pa matcheni titagona chagada. Chapatali pang'ono, pamchenga, pali mutu wa sitima ya pamtunda. Inalipo iwiri pamwamba pa sitimayi, ndipo bomba linaiponya uku ndi uku. Kuona mutu wa sitima ya njanji uli wokha pansi pa nyanja, nsomba zikulowa ndi kutuluka, mutu wanga unakana kaye. Mwina inali nayitrojeni, yomwe pa mamita 30 imaledzeretsa pang'ono. Mwina ayi.

Kachiwiri tinalowa m'zipinda za katundu. Tochi ndi yofunika, osati chifukwa cha mdima wokha: madzi amameza mtundu wofiira m'mamita oyambirira omwe, ndiye popanda tochi zonse zimaoneka zotuwa. Malole a Bedford ali pamzere, ndipo kumbuyo kwa malolewo kwapakidwa njinga zamoto za BSA ndi Norton, matayala akadali ndi zidindo zake. Mfuti zinamatirirana m'mitolo. Majombo a mphira ali mbwee, ndipo amenewa ndi amene anandikhudza, poti mphira suola: amaoneka ngati mwini wake wangowavula. Denga ndi lapafupi, malo odutsa ndi apakati pa denga ndi malole, ndiye miyendo imayenda mwa chule, pang'onopang'ono, kuopa kuvundula matope kwa amene ali kumbuyo.

Pali zimene zandinyansa. Mawu athu oti kubira ali ndi matanthauzo awiri, ndipo pano onse akugwira ntchito. Obira anaibira sitimayi. Ziwongolero za malole ambiri palibe, zizindikiro za pa njinga anagulula, magalasi anaswa. Munthu kuchoka kwawo, kudzatsika mamita onsewa ndi sipanala, kukachotsa kachitsulo koti kakangofumbwa ndi dzimbiri pashelefu! Pano panafera anthu.

Koma ndisadziyeretse. Nditakweza tochi kudenga ndinaona ngati kalilole wasiliva akugwedezeka: ndi mpweya umene timapuma, wotsekeredwa pansi pa chitsulo. Mpweya umenewo umafulumizitsa dzimbiri. Zingwe za maboti omangirira pa sitimayi nazo zimakoka ndi kuthyola zitsulo mafunde akakula. Mu 2007 bungwe loteteza nyanja la HEPCA linaika pomangirira maboti pambali pake ndi kuboola timabowo toti mpweya uzitulukira. Komabe ife tikubwera, mazanamazana, tsiku ndi tsiku. Ine sindinabe kanthu, koma thovu langa ndalisiya m'menemo pamodzi ndi la ena onse. Ndinatuluka ndi 80 bar. Achikulire anayang'ana geji yanga, anayang'ana ine, n'kugwedeza mutu kamodzi.

Pa chingwe, pa mamita 5, tinaima mphindi 3 zathu zochepetsa nayitrojeni m'thupi tikuuluzika ngati zovala pa waya. Pansi pathu sitima yonse inkaoneka mbuu, thovu likutuluka m'mabowo ake onse ngati ikupuma.

Lachinayi, tikadali pa Thistlegorm

Khutu lakumanzere lakana. Usiku mphuno inatsekeka, ndikuganiza kuti ndi makina oziziritsa m'chipinda. M'mawa ndinavala zonse, ndinagwira chingwe, pa mamita 3 ndinatsina mphuno n'kuuzira pang'ono: lakumanja linatseguka, lakumanzere zii. Ndinakwera pang'ono, ndinayesanso, ndinameza malovu, ndinagwedeza nsagwada. Zii. Mamita 10 oyambirira ndi amene amazunza makutu kwambiri, chifukwa m'menemo kupanikiza kumawirikiza kawiri. Wina m'boti anali atandilonjeza mankhwala otsegula mphuno, koma mankhwala aja akatha mphamvu uli pansi, mpweya umatsekeredwa m'khutu pokwera, ndipo kukwera sungakukane.

Ndinawaonetsa achikulire khutu, kenako chala chachikulu m'mwamba. Kwa ife chala chimenechi sichitanthauza kuti zili bwino, chimatanthauza kuti tatha, ndipo sichifunsidwa chifukwa. Anabweza chizindikirocho n'kukwera nane. Pamwamba ndinawapepesa.

"Pitani ndi gulu linalo, achikulire, musaluze chifukwa cha ine."

"Yakhala pamenepo kuyambira 1941, mphwanga. Sithawa lero."

Anapitabe nditawakakamiza kachitatu. Ine ndinakhala kumbuyo kwa boti ndi anyamata odzaza masilinda, amene ntchito yawo sitiiona tikakhala pansi. Mmodzi anandionetsa kumene kompuresa imakokera mpweya, kutali ndi utsi wa injini, ndi mmene amasinthira zosefera. Utsi ukalowa m'silinda, munthu amakomoka ali pansi osadziwa chomwe chamugwira. Kuyambira lero ndizinunkhiza mpweya wanga ndisanavale, monga tinaphunzitsidwira n'kuiwala.

Kumtima kunawawa ndithu pamene anzanga ankatuluka akusimba za kamba wamkulu amene anagona pafupi ndi nangula.

Lachisanu, pobwerera ku Hurghada

Khutu latseguka lokha usiku, koma sindinabirenso. Ndege yathu ndi ya mawa masana. Malangizo a DAN, bungwe loona za chitetezo cha obira, amati munthu amene wabira kangapo masiku otsatizana adikire maola osachepera 18 asanakwere ndege, ndipo boti lathu limanena 24. M'ndege mpweya ndi wopepuka, ndiye nayitrojeni yotsalira m'thupi ikhoza kuchita thovu m'magazi ngati botolo la chakumwa lotsegulidwa mwadzidzidzi. Zipinda zochizira matendawa zilipo ku Sharm el-Sheikh ndi ku El Gouna, koma palibe amene akufuna kukazionera mkati.

M'buku mwalowa maulendo 13 mwa 17 amene analipo. Pa tsamba lomaliza ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti wetsuit ya mamilimita 3, silinda ya aluminiyamu ya malita 12, madzi a mchere: mtovu makilogalamu 6, kuti chaka chamawa mantha asadzandiwerengerenso. A ulendo wotsatira, bwerani ndi tochi ziwiri, chibaluni chimene munachiponyapo kale, ndi chipewa chofunda, poti mphepo ya pa boti munthu ali wonyowa imaluma kuposa madzi.

Zida zili pa chingwe zikuuma, mchere wayera m'mazipi. Nsapato atibwezera. Achikulire avala zawo, ayenda masitepe awiri, azivulanso.